Kuwait: Ndevu Zinapsa Kawiri

Sabata ino ndi ine, ndipo ndabwera ndi mbiri ya kadziko kakang'ono ka mafuta ambiri, Kuwait, komwe kanaopsezedwa kawiri ndi mnansi yemweyo, Iraq. Ulendo woyamba maiko a Aarabu anagwirizana. Wachiwiri anagawanika.

Kuwait inalandira ufulu kuchoka m'manja mwa Britain pa 19 June 1961. Sabata isanathe n'komwe, mtsogoleri wa Iraq, Abd al-Karim Qasim, analengeza kuti Kuwait ndi chigawo chabe cha dziko lake. Mfumu ya Kuwait inapempha thandizo, asilikali a Britain n'kufika pa 1 July. Aarabu ambiri zinawachititsa manyazi. Dziko langomasuka kumene, mtsamunda wabwereranso ndi mfuti?

Apa ndi pomwe Arab League, bungwe la maiko a Aarabu lomwe linakhazikitsidwa ku Cairo mu 1945, linaonetsa ntchito yake. Pa 20 July linalandira Kuwait kukhala membala, Iraq ikukana. Mu September, asilikali ochokera ku Saudi Arabia, Egypt, Jordan, Sudan ndi Tunisia anayamba kulowa m'malo mwa a Britain. Nkhondo sinachitike. Qasim anaphedwa mu February 1963, ndipo mu October chaka chomwecho Iraq inavomereza kuti Kuwait ndi dziko loima palokha.

Musaganize kuti chinali chikondi ayi. Gamal Abdel Nasser wa ku Egypt ndi mafumu a ku Saudi Arabia sankamwerana madzi. Kungoti onsewo sankafuna kuti Qasim akule mphamvu, komanso sankafuna asilikali a Britain akhazikike. Zofuna zawo zinakumana, basi.

Tsopano tidumphe zaka 29. Iraq ya Saddam Hussein inali itatuluka m'nkhondo ya zaka 8 ndi Iran ili ndi ngongole zosasimbika, ina mwa izo ya Kuwait yomwe. Saddam ankati Kuwait ikupopa mafuta ochuluka n'kugwetsa mtengo. Saudi Arabia inaitanira mbali ziwirizi ku Jeddah, koma zokambirana zinalephereka. Pa 2 August 1990, asilikali a Iraq analanda Kuwait.

Atsogoleri a Aarabu anakumana ku Cairo pa 10 August. Maiko 12 okha ndiwo anavomereza chigamulo chodzudzula Iraq ndi kutumiza asilikali ku Saudi Arabia. Iraq, Libya ndi PLO anakana. Ena monga Jordan, Yemen ndi Algeria sanachivomere. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo Jordan inkadalira Iraq pa mafuta ndi malonda, ndipo anthu ake ambiri anali kumbali ya Saddam.

Mapeto ake nkhaniyo inachoka m'manja mwa eni dera. Egypt ndi Syria anatumizadi asilikali, koma wotsogolera anali America. Mabomba anayamba kugwa pa 17 January 1991, Kuwait n'kumasulidwa kumapeto a February. Pothawa, asilikali a Iraq anayatsa zitsime za mafuta mazanamazana, zomwe zinayaka kwa miyezi.

Ife a pamsika izi sizachilendo. Wa benchi yaikulu akafuna kulanda malo a mayi wa tomato, komiti ikalankhula mawu amodzi, nkhani imathera pomwepo. Koma ena m'komitimo akakhala kuti amatenga katundu pangongole kwa wolandayo, amayang'ana kumbali. Ndiye timathamangira kwa akunja, ndipo pofika poweruza, tomato uja waola kale.

Akulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mu 1961 anansi anazimadi. Mu 1990 anayamba ayang'ana kaye kuti mwini machesi amadya naye chiyani. Nanga inu mukuona bwanji, bungwe la anansi lingateteze wamng'ono ngati akuluakulu ake sapindulapo kanthu? Ndidikira maganizo anu.