Chigawo cha Pakati ndi Maboma Ake: Mmene Malire Anabwerera

Pofika 1904 atsamunda anali atakhazikitsa boma m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, m'dera la mfumu Njewa. Kunali kutali ndi Zomba, komwe kunali likulu, ndipo palibe ankaganiza zoti dziko lonse lidzalamulidwa kuchokera pamenepa. Dera lalikulu lozungulira analitcha Central Angoniland potengera Angoni amene anali ndi mphamvu pa nkhondo, ngakhale ochuluka m'midzi anali Achewa.

Maboma oyambirira ankamangidwa kumene azungu ankafuna kuika asilikali ndi kutolera msonkho. Mchinji inayamba ngati Fort Manning, linga la pafupi ndi malire a dziko la mfumu Mpezeni. Nkhotakota, imene ankailemba kuti Kota Kota, inali kale doko la a Jumbe lowolotsera akapolo ndi minyanga. Salima inakula njanji itafika mu 1935. Lamulo la mu 1933 linapatsa mafumu mphamvu zoweruza ndi kuyang'anira anthu pansi pa DC, ndipo ma T/A a lero mizu yawo ili pamenepo.

Koma chimene chinadzutsa Lilongwe ndi fodya. Cha m'ma 1920 A.F. Barron anayamba kugawira alimi a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa kuchokera ku Mbabzi, ndipo pa zaka zochepa chigwa chonse mpaka ku Dowa chinadzaza zigafa. Amwenye anatsegula masitolo, misewu inakumana pamenepa, ndipo mu 1947 Lilongwe inakhala tawuni.

Ufulu utabwera, Kamuzu Banda anaganiza zosamutsa likulu, ponena kuti chitukuko chinaunjikana kum'mwera. Britain inakana kulipira. Ngongole inachokera ku boma la tsankho la South Africa, chinthu chimene sitiyenera kuchibisa pokamba mbiri ya mzindawu. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, linadula malo kukhala ma Area a manambala, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi ya makolo awo kuti Capital Hill imangidwe. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Lero Chigawo cha Pakati chili ndi maboma 9: Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Dowa, Ntchisi, Kasungu, Mchinji, Salima ndi Nkhotakota. Kalembera wa mu 2018 anapezamo anthu pafupifupi 7.5 miliyoni. Chigawo pachokha chilibe khonsolo. Kuyambira pa lamulo la maboma ang'ono la mu 1998, mphamvu zinalunjikitsidwa ku makhonsolo.

Apa ndi pamene ndimaona vuto. Lilongwe ili ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma, ndipo pa kalemberayu ya bomayi inali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni pansi pa DC mmodzi. A zamaphunziro anazindikira kale kuti katunduyu ngolemera, n'kugawa bomali patatu: Urban, Rural East ndi Rural West. Mzindawo ukusefukira m'minda ya kwa Njewa, Tsabango ndi Chitukula, kumene mafumu akugawa mapuloti popanda misewu kapena mipope. Munthu wa kumeneko amagwira ntchito m'tawuni, koma akafuna madzi sadziwa khomo loti agogode, la khonsolo ya mzinda kapena la DC.