Nyemba za ku Lamon

Mtaliyana wakale asanaone nyemba zimene tizidziwa lero, ankadya khobwe, mbewu yochokera kuno ku Afirika. Nyemba zenizenizi kwawo ndi ku Mexico ndi ku mapiri a Andes, ndipo zinaoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa 1492.

Cha m'ma 1532, Papa Clement VII anapatsa wansembe wina wophunzira kwambiri, Pierio Valeriano, njere za nyemba zachilendozi. Iyeyo anapita nazo kwawo ku Belluno, kumpoto kwa Italy, nakazibzala. Pamudzi wa Lamon, m'tsinde mwa mapiri, nyembazo zinayanjana ndi nthaka. Anthu ake anali osauka, nyama ankailawa mwa apo ndi apo, choncho nyemba ndizo zinasanduka nyama yawo. Chaka ndi chaka alimi ankapatula makoko abwino kusungira mbewu, kufikira panabadwa mitundu inayi: Spagnol, Spagnolit, Calonega ndi Canalino. Koma achinyamata atayamba kuthamangira ntchito kumaiko ena, minda yambiri inagonera. Mu 1996 dzina la nyembazi linatetezedwa ndi lamulo la ku Ulaya.

Wofuna kuzilima kuseri kwa nyumba azike mitengo yaitali, pakuti n'zoyanga. Ubwino wake ndi uwu: duwa la nyemba kawirikawiri limadzibereketsa lokha, kotero njere imene mwasunga imabala zofanana ndi make. Muziumitse bwino musanazisunge, chifukwa nankafumbwe sasamala kuti mbewuyo inadzera m'manja mwa Papa.