Mbiya ya Agogo ndi Mapangano a ku Ulaya

Chaka chatha msuweni wanga adandiimbira foni usiku. Ntchito yake ya mu shopu idali itatha, mwana wake wachisamba adali atasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo m'manja adali ndi ndalama zongokwanira shuga pang'ono ndi ndowa zingapo za madeya. "Asuweni," adatero, "inu mumawerenga mabuku. Kodi munthu woyamba kutcheza kachasu ndi kandalama kochepa angatani kuti asaphe anthu?" Ndidasowa poyambira. Tonse awiri tidaleredwa ndi mbiya imodzi. Fizi ya mayi anga idachokera m'mabotolo a agogo athu kuchigwa cha Shire, ndipo malume athu, mmisiri wa matabwa, tidawaika m'manda asanakwanitse zaka 50, chiwindi chitatha ndi chakumwa chomwecho.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo liwu loti kachasu landivutapo kangapo. Mawu a Chingerezi amene amabwera msanga onse ali ndi mlandu m'kati mwake: lina limanena za mowa woletsedwa, lina za mowa wophikidwa mobisa pa mwezi. Pa Chichewa liwuli lilibe mlandu, ndi dzina chabe. Funso la msuweni wanga lidandibwezera ku funso langa lakale: mlanduwo udalowa liti?

Kufulula mowa wa masese ndi luso lakale la makolo athu. Kutcheza, kutanthauza kuwiritsa chotupitsa ndi kugwira nthunzi yake kuti isanduke madontho aukali, ndi luso lobwera, ndipo dzina lenilenilo limaulula kumene lidachokera. Kachasu ndi liwu la Chipwitikizi loti cachaça, mowa wa nzimbe wa ku Brazil umene amalonda ankagulira akapolo ku Luanda. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo m'minda yawo ikuluikulu ya m'mbali mwa Zambezi mudakhala akapolo, Achikunda ndi anthu amitundu yosiyanasiyana kwa zaka mazana. Lero liwuli mulimva ku Nsanje, ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Muzarabani. Ku Mozambique amatinso nipa, dzina la mtengo wa ku Asia wofanana ndi mgwalangwa, umene madzi ake amatcheza mowa. Mayina awiriwa adadza pa zombo, lina kuchokera kumadzulo, lina kum'mawa.

Anthu athu sadagule mapoto a mkuwa a kunja. Adatenga nzeru yokha n'kuiveka zipangizo zapakhomo. Agogo ankati amayi awo ankagwiritsa ntchito mpope wa mfuti yagogodela yakufa. Iwowo ndidawaona ndi maso anga ali ndi mbiya yaikulu pa mafuwa, kambiya kena kovundikira pamwamba, paipi yodutsa m'chipika chogoba ngati bwato chodzaza madzi ozizira, ndi botolo la velemoti kumapeto. Molumikizira monse ankamata ndi phala la gaga. Chotupitsa chidali madeya, shuga ndi madzi, kapena masawu m'nyengo yake, chitakhala masiku angapo mpaka thovu litasiya kuwira. Mpamba wake udali wochepa kwambiri moti mayi wamasiye ankatha kuyamba ndi zimene adali nazo kale. N'chifukwa chake m'madera ambiri kachasu adakhala ntchito ya amayi.

Lamulo lidamupeza kachasu ali kale m'midzi, ndipo lidalembedwa kutali. Pa 2 July 1890 mayiko a ku Ulaya ndi ena adasaina pangano ku Brussels lothana ndi malonda a akapolo. M'pangano lomwelo adaikamo ndime zochepetsa mfuti ndi mowa waukali m'chigawo chachikulu chapakati pa Africa, ndipo dera limene chaka chotsatira lidakhala pansi pa Britain, lomwe pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland, lidali m'kati mwake. Mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pangano lina la ku Saint-Germain-en-Laye lidaonjezera mphamvu: lidaletsa kutcheza mowa ndiponso kusunga zipangizo zotchezera m'mayiko ambiri a atsamunda mu Africa. Britain ndi Portugal adasaina. Kuyambira pamenepo mbiya ya m'mudzi yokhala ndi paipi idasanduka umboni wa mlandu, pamene bwana wa pa boma ankamwa wisiki wake pakhonde popanda womufunsa. Ku South Africa munthu wakuda wamba sadaloledwe kugula mowa wa Azungu mpaka 1962. Ku Southern Rhodesia lamulo la zakumwa zovulaza lidatchula kachasu ndi nipa ndi mayina awo, pamodzi ndi chikokeyani.

Sindikunena kuti oletsawo analibe chifukwa. Amishoni ndi atsogoleri a mipingo ya Aafirika adaona mabanja akupasuka ndi uchidakwa, ndipo manda a malume anga amandiletsa kuwaseka. Koma chiletso chidagwera amayi amene analibe njira ina yopezera ndalama, amuna awo ali ku Joni kapena ku Wankie. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 ku Blantyre, akuonetsa kuti amayi ambiri ankadalira kugulitsa mowa, ndipo boma litaletsa kufulula pofuna kusunga chimanga, iwowo ndiwo adatsala opanda kobiri yogulira chakudya.

Chiletso sichidathetse kutcheza, chidangosamutsira mbiya kudambo ndi kuthengo. Apa mpamene mbiri ikukumana ndi funso la msuweni wanga, chifukwa chitetezo chonse chimene agogo adali nacho chidali cha poyera ndiponso chosafuna changu. Ankatcheza panja masana, moto uli wapang'ono, popeza nthunzi ya mowa imayaka ngati petulo. Phala lomatira lija likang'ambika ankadziwa kuti paipi yatsekeka, mbiya isanaphulike. Madontho oyambirira, onunkha mobaya mphuno, ankataya pansi, ngakhale kuti amuna ena ankawapempha kuti awagulitse mutu wonse osachotsako. Koposa zonse, aliyense wakumwa ankawadziwa dzina ndi khomo. Munthu akadwala, mudzi wonse ukadadziwa kogogoda.

Wotcheza mobisa alibe nthawi yotere. Amakoleza moto waukulu kuti amalize apolisi asanafike. Amatola mgolo umene udasungapo mankhwala kapena mafuta, ndi rediyeta ya galimoto yowotcherera ndi mtovu, umene umasungunukira pang'onopang'ono m'chakumwa n'kumawononga impso ndi ubongo. Ndipo pakati pa iye ndi wakumwa pamalowa wogulitsa wosadziwika amene amafuna kuchulukitsa mabotolo.

Mfundo imeneyi anthu ambiri amaisokoneza. Poizoni wochititsa khungu ndi kupha msanga ndi methanol. M'chotupitsa cha chimanga ndi shuga amakhalamo wochepa kwambiri, m'cha zipatso amakhalamo wochulukirapo. Amawira pa madigiri 65 pamene mowa weniweni umawira pa 78, koma kutaya madontho oyamba sikumuchotsa yense, ndipo lilime kapena mphuno sizingamuzindikire. Imfa za anthu ambiri nthawi imodzi kawirikawiri zimabwera pamene wina wathira dala methanol wa m'mafakitale kuti chakumwa chikalipe pa mtengo wotsika. Mu November 2000 anthu oposa 100 adafa motero ku Nairobi ndi madera oyandikira, ena ambiri adachita khungu. Nthawi imeneyo chang'aa, mnzake wa kachasu ku Kenya, adali woletsedwa kuyambira 1980.

Mayiko ena adayesa njira ina. Uganda mu 1965 idakhazikitsa lamulo lopereka ziphaso kwa otcheza enguli kuti azigulitsa ku fakitale, komwe ankamutchezanso n'kumuika m'mabotolo a Uganda Waragi. Kenya mu 2010 idachotsa chiletso cha chang'aa n'kulamula kuti aziyezedwa ndi kuikidwa m'mabotolo. Njirazi sizidathetse zonse: mu 2010 momwemo anthu pafupifupi 80 adafa ku Kabale, ku Uganda, ndi waragi wothiridwa methanol, ndipo mtengo wa chiphaso umasiya kunja mayi wa mbiya imodzi. Kwathu kuno taonanso kuti chochokera ku fakitale sichikhala chabwino chifukwa cha chizindikiro chokha. Zambia idaletsa timasacheti ta tujilijili mu 2012, Malawi adatsatira patapita zaka zochepa, ana asukulu atayamba kulowa nato m'kalasi m'matumba a kabudula.

Msuweni wanga ndidamuimbiranso patapita sabata. Sindidamupatse muyeso wa shuga, chifukwa amaudziwa kuposa ine. Ndidamuuza kuti ayambe wafunsa kwa amfumu ndi ku khonsolo zimene lamulo likunena kwawoko, popeza chindapusa chimodzi chikhoza kumeza mpamba wonse. Ndidamuuza kuti kusowa ndalama kukhoza kumukakamiza kuchepetsa mabotolo, koma kusamukakamize kutola mgolo wosadziwika mbiri yake kapena paipi ya mtovu; mbiya ya dothi ndi paipi ya mkuwa kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi zabwino kuposa zotola kugalaja. Asathiremo kanthu kalikonse kofulumizitsa kapena kokalipitsa. Asagulitse kwa ana kapena kwa munthu woledzera kale. Wina akadandaula kuti maso achita chifunga atamwa, amuthamangitsire kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti matsire athe. Pomaliza ndidamukumbutsa za malume, amene sadamwepo methanol kapena mtovu. Adamwa kachasu woyera wa mayi awo omwe, tsiku ndi tsiku, kwa zaka 20.

Adakhala chete nthawi yaitali, kenako adati, "Ndamva, asuweni. Koma fizi akuifuna Lolemba." Ndidamutumizira theka la ndalamazo, zimene ndidapeza pomasulira lipoti la bungwe lina lonena za kuopsa kwa mowa wa m'midzi. M'lipotimo liwu lija ndidalisiya mmene lilili, kachasu, popanda kuwonjezerapo mlandu kapena kuchotsapo. Mbiya ya agogo ikadali m'khitchini mwa mayi ake a msuweni wanga, momwe masiku ano amasungiramo nyemba. Sindidafunse ngati aitsitsa.