R. M. Ballantyne, Mlembi Amene Ankayamba Wakaona Yekha

Robert Michael Ballantyne anabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland pa 24 Epulo 1825, m'banja la osindikiza mabuku. Akuluakulu a m'banjamo ndiwo ankasindikiza mabuku a Sir Walter Scott, koma bizinesiyo itagwa mu 1826 pakhomo padalowa umphawi. Ali ndi zaka 16, mnyamatayu adapita ku Canada kukagwira ukalaliki ku kampani ya Hudson's Bay, yomwe inkagula zikopa za nyama kwa eni dzikolo. Makalata aatali amene ankalembera amayi ake ali kumeneko ndiwo adamuzoloweretsa cholembera.

Atabwerera kwawo adatulutsa buku la moyo wa ku Canada mu 1848, kenaka The Young Fur Traders mu 1856. Koma lomwe lidamutchukitsa ndi The Coral Island, nkhani ya anyamata atatu, Ralph, Jack ndi Peterkin, opulumukira pachilumba cha m'nyanja ya Pacific sitima yawo itasweka. Kumeneko Ballantyne anali asanapondeko. Adadalira zowerenga, ndipo adalakwitsa pofotokoza kukhuthala kwa khungu la kokonati. Ena akadangochinyalanyaza cholakwachi, koma iye chidamuvuta kwambiri, moti adatsimikiza kuti azikaona kaye asanalembe.

Apa mpamene pagona ulemu wa mlembiyu. Adakagona kunsanja younikira sitima ya Bell Rock asanalembe The Lighthouse. Adakhala pamodzi ndi ozimitsa moto a ku London, kumathamanga nawo belu likalira, ndipo zotsatira zake ndi Fighting the Flames. Adatsikiranso m'migodi ya ku Cornwall kuti alembe Deep Down. Mu 1873 adatulutsa Black Ivory, buku lodzudzula malonda a akapolo kum'mawa kwa Africa, lomwe nkhani yake imafika ku Zambezi ndi kwa Amang'anja.

Mabuku ake, okwana pafupifupi 100, ali ndi chilema cha nthawi yake: mzungu amaoneka mpulumutsi, anthu a mitundu ina amajambulidwa mopeputsa. Owerenga a lero sayenera kuchibisa. Komabe The Coral Island lidalimbikitsa Robert Louis Stevenson, mlembi wa Treasure Island, ndipo mu 1954 William Golding adaliyankha ndi Lord of the Flies, momwe anyamata a pachilumba amasandukirana zilombo.

Kumapeto kwa moyo wake ankavutika ndi nthenda ya m'makutu yochititsa chizungulire. Adapita ku Rome kukafuna mpumulo, ndipo adamwalirira komweko pa 8 Febuluwale 1894. Adaikidwa m'manda a Aprotesitanti mumzindawo.