Timu ya basketball ya amayi ya dziko la Nigeria

Timu ya basketball ya amayi ya dziko la Nigeria, yodziwika ndi dzina loti D'Tigress, ndi timu imene imaimira dzikolo pa mipikisano ya mayiko. Imayendetsedwa ndi bungwe la Nigeria Basketball Federation ndipo ndi imodzi mwa matimu amphamvu kwambiri mu Africa.

Mpikisano wa mu Africa

Timuyi inatenga chikho cha AfroBasket koyamba mu 2003 ku Mozambique, n'kuchitetezanso mu 2005. Patapita zaka 12 isanapambanenso, inatenga chikhochi kasanu motsatizana: mu 2017, 2019, 2021, 2023 ndi 2025. Mu 2023, Rena Wakama anakhala mphunzitsi woyamba wamkazi kupambana chikhochi, timu yake itagonjetsa Senegal mu ndime yomaliza ku Kigali.

Mipikisano ya dziko lonse

Nigeria inasewera koyamba pa masewera a Olympic mu 2004 ku Athens, komwe inagonjetsa South Korea. Mu 2018 inafika m'makotafainolo a mpikisano wa dziko lonse ku Spain ndipo inamaliza pa nambala 8. Mu 2022 inalephera kukasewera mpikisano womwewu ku Australia ngakhale inali itapeza kale malo, chifukwa boma linaimitsa matimu ake a basketball kusewera kunja. Malo ake anapatsidwa kwa Mali.

Mu 2024 ku Paris, timuyi inagonjetsa Australia ndi Canada, n'kukhala timu yoyamba ya basketball ya mu Africa, ya amuna kapena amayi, kufika m'makotafainolo a Olympic. Inatuluka itagonja kwa United States.