Timibulu ta pa Mizu ya Nyemba: Mbiri ya Kafukufuku wa Nthaka

Alimi okhala m'tsinde mwa Phiri la Dedza, lomwe kutalika kwake ndi mamita 2,198, akhala akubzala nyemba pakati pa chimanga kuyambira kale. Ubwino wa ulimi wotere unkaoneka pokolola, koma gwero lake linali lobisika m'nthaka.

Chinsinsichi chinaululika ku Ulaya. M'chaka cha 1886, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth a ku Germany anatsimikiza kuti mbewu za mtundu wa nyemba zimapeza nayitrojeni wa mumpweya kudzera m'timibulu ta pa mizu yake. Mu 1888, Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'timibuluto, tomwe lero timatchedwa Rhizobium. Mbewu imadyetsa tizilomboti shuga, ndipo ito timabweza chakudya chomwe mlimi akadagula m'thumba la feteleza. Kambulu kogwira ntchito kamakhala kofiirira m'kati mwake munthu akakang'amba.

Kuno ku Malaŵi, ntchitoyi inakhazikika pa malo a kafukufuku a Chitedze, ndipo sukulu ya Bunda, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, inayamba kusula akatswiri a nthaka. Vuto lalikulu linali soya. Popeza ndi mbewu yachilendo, tizilombo toyanjana nayo tinali tosoŵa m'minda yambiri. Motero a ku Chitedze ankaŵeta tizilomboti ndi kutiika m'mapaketi kuti alimi azisakaniza ndi mbewu asanabzale. Ku Zambia nako kunachokera soya wa Magoye, amene amagwirizana ndi tizilombo topezeka kale m'nthaka.

Mu 2009 kunayamba ntchito ya N2Africa motsogozedwa ndi Ken Giller wa ku Wageningen, ndipo Malaŵi anali m'gulu la maiko ake. Kuchokera mu 2012, ofufuza a Africa RISING anayesa pamodzi ndi alimi a ku Linthipe ndi Golomoti kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Phunziro lalikulu la zaka zonsezi ndi lakuti tizilomboti sitichita bwino m'nthaka ya asidi wambiri kapena yosoŵa fosiforasi.

Kafukufuku wotere safuna phuma, pakuti munda umayankha kamodzi pachaka. Komabe feteleza akakwera mtengo, mlimi wa ku Bembeke amayang'ana kwa mnyamata kapena mtsikana amene anapirira zaka zambiri za maphunziro kuti adziŵe zamoyo za m'nthaka.