Mbale yokakamira, tepi yozungulira ndi pedulo: mbiri ya nyimbo zobadwa m'zolakwika za makina

Nkhaniyi imayambira ku Paris m'chaka cha 1948, m'chipinda chojambulira mawu cha wayilesi ya boma la France. Kumeneko kunkagwira ntchito injiniya wina dzina lake Pierre Schaeffer, ndipo zida zake zinali mbale za galamafoni, poti tepi inali isanafike m'manja mwake. Mbale ya galamafoni ili ndi kanjira kamodzi kozungulira kuchokera m'mphepete kulowera pakati, ndipo singano imatsata kanjirako mpaka nyimbo itatha. Mbale ikakandika singano imakakamira, n'kumabwerera pamalo amodzimodzi, kamawu kosakwana sekondi imodzi n'kumamveka kosalekeza mpaka munthu akaikankhe. Kwa aliyense limeneli linali vuto. Schaeffer yekha anaima n'kumvetsera, kenako anayamba kudula mbale zake mwadala kuti kanjira kazikumana ndi poyambira pake.

Anapita ku siteshoni ya Batignolles kukajambula kulira kwa sitima zapamtunda, mawilo pa njanji, nthunzi ndi mluzu, n'kuzilumikiza kukhala nyimbo yotchedwa Étude aux chemins de fer. Inaulutsidwa pa wayilesi pa 5 Okutobala 1948 pamodzi ndi zinzake zinayi. Chimene iye anatulukira n'chimene chikugwirabe ntchito m'zida zonse zimene tikambe pano: phokoso likabwerezedwa kambirimbiri, khutu limaleka kufunsa kuti chikulira n'chiyani, limayamba kumva kugunda kwake, kukwera ndi kutsika kwake. Sitima imazimirira, pamalo pake n'kutsala kayimbidwe.

Tepi itafala zinthu zinafulumira. Kampani ya AEG inaonetsa makina ake a Magnetophon ku Berlin mu 1935, ndipo nkhondo yachiwiri itatha luso limeneli linawoloka nyanja kupita ku America, kumene kampani ya Ampex inayamba kupanga makina akeake. Ubwino wa tepi unali woti umatha kuidula ndi lezala n'kumata nsonga zake ziwiri kukhala mkombero wosatha. Woimba gitala Les Paul, amene anapatsidwa makina a Ampex ndi Bing Crosby, anawonjezera mutu wina m'makinamo kuti azijambula mawu atsopano pamwamba pa akale. Nyimbo ya How High the Moon imene anatulutsa ndi Mary Ford mu 1951 inamveka ngati gulu lalikulu, pomwe anali anthu awiri okha. Komabe Les Paul ankafuna ukhondo. Amene anabwera pambuyo pake ankafuna china.

Mu 1963 Terry Riley wa ku California anali ku Paris kukonza nyimbo za sewero lotchedwa The Gift, ndipo anajambula gulu la woliza lipenga Chet Baker. Mothandizidwa ndi injiniya wa pa wayilesi, anaika makina awiri motalikirana, tepi imodzi n'kumachoka pa makina oyamba kupita pa achiwiri. Oyamba ankajambula, achiwiri ankaseweretsa zomwe zajambulidwazo patapita kanthawi, n'kuzibwezeranso kwa oyamba kuti zijambulidwenso pamodzi ndi mawu atsopano. Mtunda wa pakati pa makinawo ndi umene unkalamula kutalika kwa nthawi yodikira. Ulendo uliwonse mawu akale ankacheperako mphamvu ndi kuwala, atsopano n'kukhala pamwamba, mpaka akalewo kusungunukira m'mbuyo. Pauline Oliveros, mmodzi wa anthu a San Francisco Tape Music Center, anagwiritsa njira yofananayo pa nyimbo yake I of IV mu 1966, akuimba zonse nthawi imodzi popanda kudula tepi pambuyo pake.

Pa onsewa, nkhani ya Steve Reich ndi imene ndimaikonda koposa. Mu 1964 anajambula mlaliki wa mumsewu wotchedwa Brother Walter akulalikira za chigumula cha Nowa pa Union Square ku San Francisco. Anadula kachiganizo kamodzi, n'kupanga mikombero iwiri yofanana, iliyonse pa makina ake. Makinawo anali otsika mtengo ndipo sankathamanga mofanana ndendende. Anayamba limodzi, koma pang'onopang'ono amodzi anayamba kutsogola. Poyamba zinamveka ngati mawu akusuntha kuchoka khutu lina kupita lina, kenako ngati mlaliki ali m'chipinda chobwezera mawu, kenako ngati alaliki awiri akulandizana, mpaka mawu anasanduka ng'oma. Injiniya aliyense akanathamangira kukonza liwiro. Reich anazisiya ziyende, ndipo zinabala It's Gonna Rain mu 1965. Khutu lake linali lokonzeka kale, chifukwa anali atawerenga buku la A. M. Jones la 1959 lonena za nyimbo za mu Africa, lofotokoza momwe ng'oma zingapo zimabwerezera tizigawo tosayambira pamodzi. Jones ameneyu anakhala zaka zambiri ngati mmishonale ndi mphunzitsi ku Mapanza m'dziko la Zambia, nthawiyo likutchedwa Northern Rhodesia. Mu 1970 Reich anapita yekha ku Ghana kukaphunzira ng'oma za Aewe.

Oimba otchuka sanachedwe kutola nzeruyi. A Beatles anadzaza Tomorrow Never Knows ndi mikombero ya tepi mu 1966. Brian Eno ndi Robert Fripp anatenga makina awiri a Revox, kuwalumikiza monga anachitira Riley, n'kutulutsa chimbale cha No Pussyfooting mu 1973, ndipo Fripp anadzayenda nawo makinawo m'malo oimbira ali yekha ndi gitala yake. Koma zonsezi zinkafuna tebulo, magetsi odalirika ndi munthu wodziwa kusamala tepi.

Kusintha kunadza pamene mawu anayamba kusungidwa ngati manambala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Electro-Harmonix ya ku New York inatulutsa kabokosi koponda ndi phazi kotha kusunga masekondi 16. Lexicon inatulutsa JamMan mu 1993. Line 6 inabweretsa DL4 yobiriwira ija mu 1999, yosunga masekondi 14, ndipo Boss inatsatira ndi RC-20 mu 2001. Tsopano woimba ankaponda pedulo kamodzi kuti ayambe kujambula, kuponda kachiwiri kuti atseke mkombero, basi manja ake n'kukhala omasuka kuimba china pamwamba. Anthu ambiri ku Britain anaziona koyamba mu 2004, pamene KT Tunstall anamanga nyimbo yonse yekha pa pulogalamu ya pa TV ya Jools Holland.

Apa panatayika kanthu. Mkombero wa manambala sukalamba: ulendo wa chikwi umamveka chimodzimodzi ndi woyamba. Chimene chinkapatsa moyo tepi ya Riley, kufooka kwake ndi kugwedera kwa liwiro lake, chinali chitachotsedwa monga cholakwika. Pedulo yoteroyo ndi wantchito wokhulupirika, koma siyankha kanthu, ndipo woimba wofuna kudabwitsidwa amakhala yekhayekha.

Yankho linachokera kwina, ku CD. Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982 akulonjeza mawu angwiro osatha. CD imasunga manambala 44,100 pa sekondi iliyonse ku khutu lililonse, ndipo makina ake ali ndi njira yodzazira mipata akapeza kachilema kakang'ono. Chilema chikakula, makinawo amasokonezeka: amadumpha, amathetheka, kapena amagwira kachidutswa n'kumakabwereza ngati munthu wachibwibwi amene mawu amukakamira pakhosi. Cha m'ma 1985 Yasunao Tone, Mjapani amene ankakhala ku New York ndipo anali m'gulu la aluso la Fluxus, anayamba kumata selotepi yoboolaboola ndi singano pansi pa ma CD. Makina ankatulutsa mawu amene panalibe munthu anawalembapo, ndipo ngakhale Tone mwiniyo sankadziwa chimene chimveke. Chimbale chake Solo for Wounded CD chinatuluka mu 1997. Ku Germany gulu la Oval, lotsogozedwa ndi Markus Popp, linkalemba ndi cholembera pa ma CD, kujambula kudumphako, n'kukusanja mwaulemu mpaka kukhala nyimbo zofatsa zogwira mtima, monga zili pa Systemisch ya 1994 ndi 94diskont ya 1995. Pofika 2000 kampani ya Mille Plateaux ya ku Frankfurt inali itasonkhanitsa oimba otere pa chimbale cha Clicks & Cuts, Kim Cascone analemba nkhani yotchuka yonena za kukongola kwa kulephera kwa makina, ndipo dzina loti glitch linakhazikika.

Tepi nayo inalankhulanso komaliza. Mu 2001 William Basinski ankasamutsa mikombero imene anajambula zaka za m'ma 1980 kuti isungidwe ngati manambala. Tepi inali itakalamba, ndipo pozungulira, utoto wosunga mawu unkanyotsoka pang'onopang'ono n'kugwa ngati fumbi. Anangosiya makina akujambula. The Disintegration Loops ndi mawu a nyimbo ikudzidya yokha, kwa ola lathunthu pa gawo loyamba, mpaka kutsala tizibenthu tokha.

Mitsinje iwiriyi, wa mkombero ndi wa glitch, inakumana m'tizibokosi ta makampani ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 2010. Red Panda ya ku Michigan inapanga Particle ndi Tensor. Chase Bliss ya ku Minnesota inatulutsa MOOD mu 2019, kenako Blooper. Hologram Electronics ya ku Knoxville inabwera ndi Microcosm mu 2020. Kagwiridwe kake n'kofanana: pedulo imasunga masekondi angapo omaliza a chilichonse cholowa, kaya gitala, mawu a munthu, wayilesi kapena maikolofoni yomata pa chitsulo. Kenako imatha kuziduladula kukhala tinjere tosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kutimwaza mosatsata ndondomeko, kutiseweretsa chobwerera m'mbuyo, kapena kuchepetsa liwiro ndi theka kuti mawu atsike okitevu yonse. Nzeru ya tinjereyi ndi yakale: Dennis Gabor anaifotokoza mu 1947, Iannis Xenakis n'kuiyesa pa tepi mu 1959. Chimene chimandikopa pa MOOD n'choti imamvetsera nthawi zonse. Suponda kuti uyambe kujambula. Umaponda utamva kale kanthu kokoma, iyo n'kugwira chimene changodutsa, kawirikawiri pamalo amene iwe sukanasankha. Woimba amakakamizika kuyankha, monga amayankhira mnzake woimba naye.

Nkhawa yanga ili pakuti cholakwika chikasanduka kabatani, chimawetedwa. Amene amamvera nyimbo zambiri zopangidwa ndi mapedulo amenewa amazindikira msanga kuti ino ndi Microcosm, iyo ndi MOOD, chifukwa ambiri amangopotoza kabatani pamene pamakoma n'kusiya pomwepo. Pedulo ya Generation Loss imatsanzira kaseti yotopa, ndipo Lossy, imene Chase Bliss inapanga ndi Goodhertz mu 2023, imatsanzira MP3 yopanikizidwa ndi mawu odukaduka a foni ya pa intaneti pamene netiweki yafooka. Zonsezo ndi zojambula za kulephera, zokonzedwa bwino kuti zisapitirire malire. Tone sanatsanzire. Ali ndi zaka zoposa 70, mu 2009, anagwira ntchito ndi akatswiri a pa yunivesite ya York ku England kupanga pulogalamu yowononga mafayilo enieni a MP3 akuseweretsedwa, ndipo zotsatira zake zinatuluka pa chimbale mu 2011 pansi pa dzina la MP3 Deviations.